Mtengo wa balsa ndiupeza kuti abale? Mwana wandivuta

Make Juniyo: Mwaswera bwanji abale a pagulu pano. Ndithandizeni, mwana wanga ali fomu 2 ndiye kusukulu awapatsa pulojekiti yopanga kabwato kakang'ono koti kayandame pamadzi katanyamula miyala, nde iye wakaona pa YouTube kuti anzathu kunjaku amapangira mtengo wina wake amati balsa, kuyambira Lolemba sindikupuma, amayi balsa amayi balsa. Ndazungulira mahadiweya atatu mtauni muno onse akungondiyang'ana ngati ndazungulira mutu, wina mpaka wanditulutsira vanishi kkkk. Kodi mtengo umenewu ndi womwe timaudziwa kale koma angoupatsa dzina lachizungu, kapena ndi wakunja?

Kalipentala wa pa Ndirande: Mayi musadzivutitse, ndine wa matabwa zaka 19 tsopano balsa sanafikepo pa shedi yanga. Bwerani ndikupatseni zidutswa za malayina ulele, mwana akhome kabwato kake basi.

Wakabaza: Mugulireni beseni la pulasitiki ayandamitse, nkhani yatha kkkkk

Make Juniyo: Inu a Kabaza nthawi zonse chibwana

Aphunzitsi Opuma: Mayi, balsa ndi mtengo weniweni ndithu koma kwawo ndi ku South America ndi Central America, ndipo wambiri womwe umagulitsidwa padziko lonse umachokera ku Ecuador. Dzinalo ndi la Chisipanishi, limatanthauza chiphaka choolokera pamadzi chija amamanga polumikiza mitengo. Umakula mwachangu zedi, zaka 6 mpaka 10 wakwana kudula, ndipo umatha kutalika mamita 30. Kupepuka kwake kuli chonchi, mutatenga bokosi la mita imodzi mbali zonse n'kudzazamo madzi limalemera makilo 1,000. Bokosi lomwelo likhale la balsa wouma ndi makilo pafupifupi 160. Phingo wathu uja amasemera ziboliboli amadutsa 1,200, n'chifukwa chake ukamuponya m'madzi amangomira ngati mwala.

Kalipentala wa pa Ndirande: 160?? Aphunzitsi umenewo ndi mtengo kapena buledi

Aphunzitsi Opuma: Kkkk bambo kalipentala mukhoza kuuboola ndi chikhadabo, komabe ndi mtengo. Ndipo chodabwitsa ndi m'bale wake wa mlambe ndi usufu, banja lawo ndi limodzi.

Mwana wa Msodzi: Ndangolowa kumene ndawerenga zonse. Mayi Make Juniyo, mukuvutikiranji ndi za ku Ecuador pomwe kwathu kuno tili ndi mtengo wopepuka chimodzimodzi? Ine ndakulira ku Mangochi, bambo anga malemu anali ndi matchera, ndipo zoyandamitsa ukonde sankagula ayi, ankapalasa bwato m'mamawa kulowa m'dambo m'mbali mwa Shire kukadula mtengo wina umamera m'madzi momwemo, uli ndi minga pathupi ponse, maluwa ake achikasu ofiirirako ngati a nyemba koma akuluakulu, tsinde lake kumunsi n'lotupa kumapita kumtunda likuwonda. Ukaudula uli wauwisi umalemerako chifukwa wamwa madzi, koma ukauyanika masabata awiri aaa mwana wa zaka zisanu amanyamula chipika chachikulu ngati ntchafu ya munthu wamkulu ndi dzanja limodzi. Ifeyo tinaphunzirira kusambira pa zipika zimenezo, umangochikumbatira pachifuwa n'kumamenya miyendo. Bambo ankadula tizidutswa totalika ngati chikhatho, kuboola pakati ndi waya wamoto, n'kumangirira ku chingwe cha kumtunda kwa ukonde, kumunsi n'kumanga miyala, ukonde umaima chilili m'madzi ngati mpanda chambo chikabwera chimangokodwa m'makha.

Aphunzitsi Opuma: Umenewo ndi ambatch achimwene, pa sayansi Aeschynomene elaphroxylon. Mwaufotokoza bwino kuposa buku. Ndipo mwalasa ponena za nyemba, ndi wa banja la nyemba ndi nandolo, mizu yake imakhala ndi timatuza tija timawonjezera chonde.

Mwana wa Msodzi: Eti eti. Koma mingayo aphunzitsi, ndili ndi chipsera pamkono mpaka lero. Komanso malo omwe umamera ndi kwawo kwa ng'ona, bambo ankati wina azidula wina aziyang'ana madzi, osati nonse maso pa chikwanje

Make Juniyo: Ng'onanso?? Ayi zikomo, mwana wanga angolephera pulojekitiyo kkkk

Nesi wa ku Leeds: kkkkkk mayi mwathawa msanga

Aphunzitsi Opuma: Mtengo umenewu suli kwathu kokha. Uli ku Lake Chad, ku Lake Victoria, komanso m'madambo aakulu a mtsinje wa Nile ku South Sudan. Kumeneko a Shilluk ndi a Dinka amamanga mitolo ya ambatch kupanga kabwato koti munthu akaoloka amakanyamula paphewa n'kumapita nako, akafika pa mtsinje wina n'kukaponyanso m'madzi. Ku Kenya pa Lake Baringo asodzi a mtundu wa Ilchamus mpaka pano amapalasa timabwato ta mtengo womwewu, madzi amalowa ndithu m'mipata munthu n'kumanyowa matako koma kumira ayi, chifukwa chomwe chikuyandama ndi mtengowo pawokha.

Wakabaza: Bwato lolowa madzi koma losamira, ngati banja langa

Adimini: A Kabaza chenjezo loyamba

Kalipentala wa pa Ndirande: Chabwino ndamva zonsezo koma ine ndiyankhule ngati munthu wa ntchito yamanja. Mtengo wopepuka ndi mtengo wachabe. Msomali sugwira, ukakhoma lero mawa wazuka, chiswe ndi anankafumbwe amaudya ngati ndiwo, makala satuluka, nkhuni zake zimangoti lawi phuu ngati pepala nsima isanapse. Kasitomala akabwera pa shedi amayamba wanyamula mpando kuti aone ngati ukulemera, ukapepuka amati mwandiika, ndikufuna mlombwa kapena mbawa. Ndiye inu mukuutama chani mtengo woti sungaupangire ngakhale kabenchi

Mwana wa Msodzi: Nanga mlombwa wanuwo mungaumangirire ku ukonde? Mungagone ndi njala madala

Kalipentala wa pa Ndirande: Ukonde ndi nkhani ina

Mwana wa Msodzi: Si nkhani ina, ndi yomweyo. Inu muyeso wanu ndi bedi ndi makala basi. Ife kunyanja mtengo timaufunsa kuti kodi uyandama kapena umira. Tsanya ndi mfumu pa mbaula koma m'madzi ndi nangula

Aphunzitsi Opuma: Bambo kalipentala ndikuuzeni nkhani yomwe muikonde chifukwa ikukhudza anzanu a ntchito. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse a British anapanga ndege yankhondo yotchedwa de Havilland Mosquito, inauluka koyamba mu 1940. Thupi lake linali la matabwa, balsa pakati, kunja ndi mkati n'kumata pulayiwudi yopyapyala ya mtengo wolimba, ngati sangweji. Inali imodzi mwa ndege zothamanga kwambiri nthawi imeneyo, anapanga zoposa 7,000, ndipo mbali zambiri ankazipanga ndi anthu opanga mipando ndi makabati ngati inuyo. Nzeru yake ndi yoti balsa payekha ndi wofewa, koma ukamuika pakati pa zikopa ziwiri zolimba chinthucho chimakhala chochindikala, chosapindika, koma chosalemera. Simukhoma misomali, mumamata ndi guluu.

Kalipentala wa pa Ndirande: Hmm ngati zitseko za fulashi zija, kunja pulayi mkati mphako

Aphunzitsi Opuma: Ndendende. Mwaona kuti mumazidziwa kale

Kalipentala wa pa Ndirande: Koma zitseko zimenezo akuba amangoponda kamodzi kkkk. Chabwino ya ndegeyo mwandipeza

Wa ku Joni: Moni nonse, ndili pa bureki. Kuno ku South Africa kuli mitengo amaitcha corkwood, pa Afrikaans amati kanniedood kutanthauza kuti sungafe, chifukwa ukadula nthambi n'kuizika pansi imaphuka ngakhale patapita nthawi. Ndinagwirapo ntchito pa famu ina ku Limpopo inali mbwee, makungwa ake amasupuka ngati pepala, thupi lake lofewa lopepuka ukatema pamatuluka utomoni wonunkhira. Bwana wake ankati ndi Commiphora. Ndikaiona ndimakumbuka mipanda yamoyo ya kumudzi ija timangozika zikhomo mvula ikagwa n'kuphuka

Aphunzitsi Opuma: Zoona, Commiphora ili ndi mitundu yambiri ndipo ina ili konkuno kwathu m'madera otentha. Akhristu a pagulu pano, mure uja anzeru a kum'mawa anabweretsa pamodzi ndi golide ndi lubani ndi utomoni wa mtundu wina wa Commiphora womwe umamera ku Somalia, Ethiopia ndi ku Arabia.

Gogo Wamakono: Aaa ine zaka zonsezi ndimayimba za mure pa Khirisimasi kumaganiza kuti ndi mwala wamtengo wapatali

Nesi wa ku Leeds: Dzina la corkwood lomwelo lilinso ku Australia koma ndi mtengo wina, amati Duboisia. Uwo ndimaudziwa chifukwa cha ntchito, masamba ake ndi omwe amatengamo hyoscine, mankhwala omwe amapangira Buscopan uja timamwa m'mimba mukamapotokola. Amaulima m'minda ku Queensland. Koma chonde pasapezeke wina woti akatafune masamba a mtengo uliwonse poti wamva apa, pawokha masambawo ndi poizoni, ku fakitale amachita kuyeza mulingo

Wakabaza: Anesi mwandiwerenga maganizo

Make Juniyo: Ndiye corkwood ndi cork ija ya pa botolo la vinyo ndi chimodzi? Ndasokonezeka tsopano

Aphunzitsi Opuma: Ayi mayi. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezekera. Chitsekerero cha botolo la vinyo si thabwa, ndi khungwa. Limachokera ku mtengo wa cork oak womwe umamera ku Portugal, Spain ndi kumpoto kwa Africa monga Morocco ndi Algeria, ndipo Portugal yokha imatulutsa pafupifupi theka la cork yense wa padziko. Mtengowo saudula. Amadikira ufike zaka 25, n'kusenda khungwa ndi nkhwangwa mosamala osavulaza mkati, mtengo umatsala wofiira ngati ausupula, kenako khungwa limameranso n'kudzasendanso pakatha zaka 9, amalemba nambala ya chaka pa thunthu ndi penti kuti asaiwale. Mtengo umodzi umatha kukhala zaka 200. Khungwa loyamba ndi lachiwiri silikhala labwino kwenikweni, la mabotolo limayamba pa ulendo wachitatu, ndiye werengani nokha, wobzalayo amakhala atakalamba. Tsono mitengo ina yonseyi ya ku Joni, ya ku Australia, ngakhale kachitsamba kena ka m'madambo a ku Florida kotchedwa Leitneria komwe asodzi a kumeneko ankayandamitsira maukonde, anangoipatsa dzina la corkwood chifukwa thabwa kapena khungwa lake limafanana ndi cork, ubale palibe.

Gogo Wamakono: Zaka 25 kudikira khungwa, ife mtengo wa mango ukangochedwa kubereka chaka chimodzi nkhwangwa yatuluka kale

Kalipentala wa pa Ndirande: Funso langa aphunzitsi, chimapangitsa kuti wina apepuke wina alemere ndi chani, poti yonse ndi mitengo imamwa madzi omwewo

Aphunzitsi Opuma: Mpweya basi. Thabwa lililonse ndi timabokosi ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Chinthu chomwe chimamanga makoma a timabokosito chimalemera pafupifupi mofanana mu mitengo yonse, ndipo pachokha n'cholemera kuposa madzi, mutachifinya kuchotsa mipata yonse ngakhale cha balsa chikhoza kumira. Kusiyana kwake n'koti mu phingo ndi tsanya makoma ndi ochindikala zipinda n'zazing'ono, pomwe mu balsa ndi ambatch zipinda ndi zazikulu makoma opyapyala. Mtengo uli moyo zipindazo zimadzaza madzi, n'chifukwa chake achimwene a ku Mangochi anati wauwisi umalemera. Ukauma madzi amachoka mumatsala mpweya. Ndipo mawu oti cell omwe ana athu amaloweza pa Biology anayambira pa cork yemweyu, mu 1665 Robert Hooke anadula kachidutswa kopyapyala n'kukayang'ana pa maikulosikopu, anaona timabokosi tondandalikana n'kutitcha ma cell.

Make Juniyo: Izi ndimuwerengera Juniyo akalembe mu lipoti lake, mwina apezako mamalikisi a ulele

Wa pa Chipata: Muli bwanji a Malawi. Kuno ku Zambia tili ndi mungongo, wambiri uli ku Western Province ku mchenga kuja. Anthu amaudziwa chifukwa cha mtedza wake amadya komanso kuyenga mafuta odzola, koma thabwa lake ndi loyera lopepuka kwambiri, amasemera ng'oma, tizidole, mbale ndi zoyandamitsa. Ukanyamula chosema cha mungongo pa msika wa alendo ku Livingstone umadabwa, chachikulu koma ngati mulibe kanthu

Gogo Wamakono: Inu nonse mukupita kutali. Muwale mwauiwala? Uja umachita maluwa ofiira piriwiri nthawi yachilimwe masamba atayoyoka, khungwa lake lokhakhala lofewa lokhala ndi timinga, nthanga zake zofiira zija tinkatunga mikanda tili atsikana. Agogo anga aamuna ankasemera timipando ndi ng'oma, ankati sulemetsa pa ulendo komanso sung'aluka ukamauma. Ndipo ukazika nthambi umaphuka, kumudzi kwathu ku Dedza unali mpanda wa khola

Wakabaza: Palinso zina zimasemedwa ndi mitengo yopepuka kumudziko zovala kumaso koma ndisanene zambiri

Gogo Wamakono: Iwe mwana tseka pakamwa, za kudambwe sizikambidwa pa foni

Wakabaza: Pepani agogo ndatseka

Nesi wa ku Leeds: Nthanga za muwale zikhale za mikanda yokha chonde, ana asamatafune

Wa ku Joni: Ine mutu wanga uli pa bizinesi. Ngati balsa amakula zaka 6 zokha ndipo azungu akumufuna, bwanji osabzala kwathu? Ndili ndi maekala anayi ku Nkhata Bay angokhala, mvula kumeneko ndi yambiri kutenthanso kulipo. Ndani akugula masiku ano poti ndege za matabwa zinatha

Aphunzitsi Opuma: Ogula akuluakulu pano ndi opanga makina a magetsi a mphepo aja, mapiko ake ataliatali aja mkati mwa ambiri mumakhala balsa, nzeru yomwe ija ya sangweji. Cha mu 2019 ndi 2020 China itayamba kumanga makina amenewa mwaunyinji mtengo wa balsa unakwera koopsa, ku Ecuador anthu anakhamukira m'nkhalango ya Amazon kumadula m'mbali mwa mitsinje mpaka m'malo a eni nthaka a kumeneko, kunali mikangano yambiri. Kenako msika unatsika, ndipo makampani ena anayamba kuikamo thovu la pulasitiki m'malo mwa balsa. Kunja kwa America amalimanso ku Papua New Guinea ndi Indonesia. Tsono achimwene musanagwetse chinangwa chanu ganizirani izi, balsa akangodulidwa amafunika kuchekedwa ndi kuumitsidwa mu uvuni mwamsanga, mukachedwa masiku ochepa amayamba nkhungu n'kuda, wogula amamukana. Uvuni umenewo muli nawo? Nanga kontena yopita ku doko la Nacala kapena Beira alipira ndani pa maekala anayi

Wa ku Joni: Aphunzitsi mwandithira madzi ozizira

Kalipentala wa pa Ndirande: Bzalani mbawa achimwene, adzukulu anu adzakutamandani. Kapena malayina ngati mukufuna zachangu, ine ndidzagula

Mwana wa Msodzi: Komanso tisamathamangire mbewu zakunja tisanafunse a zankhalango, namasupuni uja anabwera ngati duwa lokongola lero watseka Shire, bwato kudutsa movutikira

Wa ku Joni: Ok ok ndamva, chinangwa chikhale

Mwana wa Msodzi: Chomwe chimandiwawa ine n'choti ulendo watha ndinapita kumudzi ndinayenda pa doko kuyang'ana maukonde, palibe ngakhale umodzi wokhala ndi zoyandamitsa za mtengo. Onse ndi zidutswa za patapata zakutha, mabotolo a pulasitiki, ndi chithovu choyera chija chimabwera mu katoni ya TV. Sindikuwanena asodziwo ayi, patapata umangotola pa mtaya sufunika kukalimbana ndi ng'ona, komanso samwa madzi pomwe za mtengo zija pakapita miyezi zimayamba kulemera umafunika kuziyanika kapena kusintha. Koma chithovu chija chimanyenyeka, m'mbali mwa nyanja monse muli timibulu toyera, nkhuku zikutola, ndipo sitiola. Za bambo anga zikatha ntchito zinkangoola basi. Ndinafunsa mwana wa mlongo wanga yemwe ali ndi bwato lake kuti kodi mtengo uja ukuudziwa, anandiloza bwinobwino uli apo m'madzi mbalame zamangamo zisa, koma akuti ntchito yake ndi yobisalamo ng'ona basi, sanamvepo kuti agogo ake ankadyera momwemo

Gogo Wamakono: Mwandikumbutsa magalimoto a mapesi. Anyamata ankasenda phesi la chimanga n'kutenga chofewa cha mkati chija kupanga magalasi a maso, mawilo, mpaka ndege. Pano mwana akufuna za ku Ecuador kkkk

Make Juniyo: Agogo musandinyoze ndi YouTube yamulakwitsa

Aphunzitsi Opuma: Pa ambatch pomwepo ndiwonjezere kamodzi. Zipewa zoyera zolimba zija ankavala atsamunda, ma DC ndi apolisi pa zithunzi zakale za Nyasaland, poyamba ankazipanga ku India ndi mtima wofewa wa chomera cha m'madambo chotchedwa sola, chomwe ndi Aeschynomene mnzake wa ambatch wathuyu. Pambuyo pake anayamba kupangira cork. Ku Bengal mpaka lero sola amasemera chisoti choyera chomwe mkwati amavala pa ukwati.

Wakabaza: Ndiye bwana DC ankaopseza agogo athu atavala phesi kumutu

Adimini: Imeneyo ndakukhululukira kkkk

Wa pa Chipata: Nanga nkhani ija ya azungu anaoloka nyanja yaikulu pa mitengo yomanga ndi zingwe, si balsa yemweyo?

Aphunzitsi Opuma: Yemweyo. Thor Heyerdahl wa ku Norway ndi anzake asanu, mu 1947. Anakadula zipika 9 za balsa ku Ecuador, n'kumanga chiphaka ndi zingwe popanda msomali, anachitcha Kon-Tiki. Ananyamuka pa doko la Callao ku Peru pa 28 April, anakhala pamadzi masiku 101, mtunda wa makilomita pafupifupi 7,000, mpaka anakagunda miyala ya pa chilumba cha Raroia ku Polynesia, zilumba za m'nyanja ya Pacific, onse ali moyo. Anthu ankati zipikazo zimwa madzi n'kumira pakati pa nyanja, komanso zingwe ziduka ndi kukhuzana, koma poti mtengowo ndi wofewa zingwe zinangolowa m'thupi mwake n'kutetezeka. Iye ankafuna kutsimikiza kuti anthu a ku Polynesia anachokera ku South America, pamenepo akatswiri sanagwirizane naye, umboni wa zilankhulo ndi magazi ukuloza kuti makolo awo anachokera mbali ya ku Asia. Chiphakacho chili mu myuziyamu ku Oslo.

Mwana wa Msodzi: Masiku 101, ine Ilala kuchoka Monkey Bay kufika Likoma ndimakhala nditasanza kale kawiri

Kalipentala wa pa Ndirande: Mwana wa msodzi wosanza m'sitima, bambo anu akumva kumene aliko

Mwana wa Msodzi: N'chifukwa chake ndili mu ofesi madala kkkk

Make Juniyo: Abale nkhani yakoma koma pulojekiti ndi ya Lachisanu. Ndipange chani kwenikweni, ng'ona ndakana, Ecuador ndi kutali

Gogo Wamakono: Chiwale mwana wanga. Pita kwa opanga mipando ya chiwale m'mbali mwa msewu, upemphe zotsala. Kunja kwake n'kolimba koterera koma mkati n'mofewa mopepuka, mpeni wa kukhitchini umadula. Kapena phata la khonje louma lija limatuluka pakati likachita maluwa

Kalipentala wa pa Ndirande: Agogo anena zoona, chiwale. Asende chikopa chakunja, atenge zamkatizo azidule mofanana zinayi kapena zisanu, azilumikize ndi timitengo ta nsungwi tosongola ngati totokosera m'mano, alase m'mbali kuti tidutse zonse. Asakhome msomali ing'aluka. Guluu wa matabwa woyera uja m'madzi amasungunuka ndiye asadalire ameneyo, amange ndi ulusi wa nayiloni kutsogolo ndi kumbuyo

Aphunzitsi Opuma: Ndipo apange kotambalala osati kakatali kowonda, miyala aike pakati komanso pansi, ikakhala pamwamba kagubuduka ngakhale mtengo upepuke bwanji. Akapake vanishi kapena kandulo wosungunula kuti kasamwe madzi.

Make Juniyo: Ndiye vanishi uja wa ku hadiweya anali ndi mfundo eti kkkkk ndinamunyoza ulele

Mwana wa Msodzi: Mayi mwezi wamawa ndikupita ku Mangochi ku chinkhoswe cha mphwanga, ndidzamutuma mwana wa mlongo wanga uja akadule kachipika kamodzi ndidzabweretse, pulojekiti idzakhala itadutsa koma Juniyo adzangokagwira m'manja aone

Kalipentala wa pa Ndirande: Mubweretse ziwiri, china ndikufuna ndichiyese pa shedi ndi pulayi ndione ngati za ndege zija ndi zoona

Wakabaza: Ine ndidzanyamula pa njinga ulele poti akuti sizilemera

Make Juniyo: Ndabwerako kwa a mipando, andipatsa chiwale thumba lonse sanandilipiritse. Juniyo wayamba kale kusenda pakhonde, wadzicheka chala kamodzi koma zazing'ono. Tayesa kachidutswa mu ndowa kanyamula miyala itatu kasanapendekeke. Akufunsa kuti kandulo apake asanamange kapena atamanga?

Kalipentala wa pa Ndirande: Atamanga mayi, apake ndi m'mipata momwe. Ndipo mpeniwo auloze kutali ndi chala